Mayi wophikira pa mbaula alandireko ndalama za kaboni

M'chaka cha 2013 boma la Joyce Banda lidalonjeza kuti pofika 2020 m'dziko muno mukhale mbaula zosamala nkhuni zokwana 2 miliyoni, ndipo chiwerengerocho chidakwana. Zambiri mwa izo ndi Chitetezo Mbaula, ija ya dongo imene magulu a amayi amaumba ndi kuotcha m'midzi, ndipo pambuyo pake makampani akunja adabwera ndi zawo zomanga ndi njerwa m'khitchini. M'dziko limene mabanja oposa 90 pa 100 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, ntchito imeneyi njoyenera kuyamikiridwa. Koma pali mbali ina imene simveka pa misonkhano yogawira mbaulazi. Mbaula zambiri zimene zimaperekedwa mwaulere kapena pamtengo wotsika zimabala ndalama chaka ndi chaka pa misika ya kunja, ndipo mayi amene amakoleza moto m'mawa ndi madzulo kawirikawiri saonako ndi tambala yomwe. Ndalamazo ndi zipatso za thukuta lake, choncho malamulo athu ayenera kumupatsa gawo lake.

Malonda ake amayenda chonchi. Kampani ya ndege kapena ya mafuta ku Ulaya imene imatulutsa mpweya woononga nyengo imagula kirediti ya kaboni, chiphaso chotsimikiza kuti kwinakwake tani imodzi ya mpweya wotero yapewedwa. Mabungwe monga Verra ndi Gold Standard ndiwo amavomereza ziphasozo. Pa nkhani ya mbaula, mpweya umapewedwa chifukwa banja latentha nkhuni zochepa kuposa zimene likadatentha pa mafuwa. Mbaula yongokhala pakona, nkhuku n'kumaikiramo mazira, sipulumutsa mtengo ngakhale umodzi. Chimene wogula ku London amalipira ndi khalidwe la munthu: kuwaza nkhuni zing'onozing'ono zolowa pakhomo la mbaula, kuziumitsa, kumata ming'alu ikaoneka, kupirira kuphika nsima ya banja lalikulu pa moto wa mphika umodzi, kusabwerera ku mafuwa ngakhale tsiku limene nyemba zikuchedwa kupsa. Munthu ameneyo m'makomo ambiri ndi mayi kapena mwana wamkazi. Kampani imaika ndalama zogulira zipangizo ndi kulipira akatswiri owerengera, ndipo ikuyenera kupeza phindu, koma katundu amene ikugulitsayo amapangidwa m'khitchini tsiku lililonse.

Tsono umwini wa katunduyo umasamuka bwanji? Polandira mbaula, banja limasaina kapena kudinda chala pa pepala limene mwa zina limanena kuti makirediti onse otuluka pa mbaulayo ndi a kampani. Mwalamulo palibe wakuba pamenepa. Koma mgwirizano umene mbali imodzi ikudziwa mtengo wa chinthu pomwe inayo siyikudziwa n'komwe kuti chinthucho chimagulitsidwa ndi wovuta kuutcha wachilungamo, makamaka kumidzi kumene amayi osadziwa kuwerenga amachuluka kuposa abambo. Tidaziona kale pa matenanti a fodya: wogwira ntchito amapatsidwa zipangizo, mwini malo n'kupita yekha ku okushoni.

Oikira kumbuyo dongosololi amati mayiyo walipidwa kale, chifukwa walandira mbaula, maulendo a kunkhuni achepa, ndipo utsi m'nyumba watsika. Kuchepa kwa nkhuni ndi phindu lenileni, ndipo mayi amene amasenza mtolo kuchokera ku Dzalanyama kapena m'phiri la Zomba sangalipeputse. Koma pa za umoyo tiyenera kusamala ndi malonjezo. Kafukufuku wamkulu amene adachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000, amene zotsatira zake zidatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2017, adapeza kuti ngakhale mbaula zodula zokhala ndi fani sizidachepetse chibayo mwa ana osakwana zaka zisanu. Ngati zili choncho, sitingauze mayi kuti malipiro ake ndi mapapo a mwana wake. Komanso mbaula imaperekedwa kamodzi pomwe makirediti amakololedwa kwa zaka zingapo. Mphatso ya tsiku limodzi singakhale malipiro a ntchito ya zaka zonsezo.

Ena amati kulipira mabanja kudzabweretsa bodza, poti aliyense adzanena kuti amaphikira pa mbaula kuti alandire. Mbiri ya msikawu ikuonetsa kuti bodza lalikulu lidachokera kwina. Mu 2024 akatswiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley adafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti mapulojekiti a mbaula amene adawaunika adapatsidwa makirediti ochuluka pafupifupi kasanu n'kanayi kuposa mpweya umene adapewadi. Chaka chomwecho boma la America lidatsegulira mlandu mkulu wakale wa kampani ya C-Quest Capital pomuganizira kuti adasintha ziwerengero za mapulojekiti a mbaula, ena mwa iwo a kuno ku Malawi ndi ku Zambia. Iye adaukana mlanduwo. Ziwerengero zimene zidakayikiridwazo zidakonzedwa m'maofesi. Popeza amayi sadali ndi gawo, sadali ndi chifukwa chofunsira kuti dzina lawo likugulitsidwa pa mtengo wanji. Mayi amene akulandira ndalama molingana ndi mmene mbaula yake ikugwirira ntchito amaisamala, amadandaula ikasweka, ndipo amadziwa ngati anthu a kampani adabweradi kudzayeza nkhuni kapena adangolemba mafomu ali pa boma. Masiku ano pali tizipangizo toyeza kutentha tomwe timamatidwa pa mbaula, kotero mawu a pakamwa sakhalanso umboni wokhawo.

Chotsutsa champhamvu kwambiri n'chakuti ndalamazo n'zochepa. Kirediti imodzi ya mbaula nthawi zambiri imagulidwa madola ochepa chabe, ndipo ukachotsa zolipira akatswiri, chotsala pa banja limodzi sichingamange nyumba. Izi n'zoona. Koma kuchepa kwa ndalama kumayezedwa ndi thumba la wolandira. Madola ochepa pachaka ndi sheya ku banki mkhonde, ndi yunifolomu ya mwana, ndi mbaula ina ikasweka yoyambayo. Njira zotumizira ziliponso: pulogalamu ya Mtukula Pakhomo imafikira mabanja osauka m'maboma onse, Airtel Money ndi TNM Mpamba zili m'misika ya kumidzi, ndipo kuyambira 2017 Amalawi ali ndi ziphaso za unzika. Chofunika kuchenjera nacho n'chakuti foni m'banja nthawi zambiri imakhala m'thumba la bambo, choncho dzina lolembedwa pa mgwirizano liyenera kukhala la wophika.

Makampani ena amasankha kupereka gawo la phindu ku mudzi wonse, monga kukumba mjigo kapena kumanga chipinda cha sukulu. Zimenezi si zoipa, koma fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ndalama zodutsa m'makomiti zimagamulidwa ndi amene amayankhula pabwalo, ndipo agogo olera ana amasiye, mayi wolumala, kapena mtsikana amene adasiya sukulu sakhala pa mipando imeneyo. Sakhalaponso amayi ogulitsa nkhuni m'mbali mwa msewu, amene malonda awo amachepa mbaula zikachuluka komanso amene lamulo la zankhalango lokonzedwanso mu 2020 lidawaumitsira zilango pamodzi ndi ootcha makala. Ngati thumba la mudzi lingakhalepo, anthu amenewa ayenera kukhala oyamba kuphunzitsidwa kuumba, kugulitsa ndi kukonza mbaula. Chitsanzo cha kayendetsedwe tili nacho kale: lamulo la malo a makolo la 2016 lidalamula kuti mwa mamembala asanu ndi mmodzi osankhidwa m'komiti ya malo, atatu kapena kuposerapo akhale amayi.

Kuyambira 2023 boma lakhala likukopa makampani a malonda a kaboni poyembekeza ndalama zakunja zimene dziko likuzisowa kwambiri, ndipo mkangano waukulu wakhala pa gawo limene boma lizitenga. Aphungu ndi unduna woona za chilengedwe awonjezepo zinthu zitatu kampani isanapatsidwe chilolezo: mgwirizano uwerengedwe mokweza m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena chilankhulo cha deralo munthu asanadinde chala, kampani ilengeze chaka chilichonse makirediti amene yagulitsa ndi mtengo wake, ndipo gawo lokhazikika la ndalamazo lipite mwachindunji kwa wophika. Kampani imene inganyamuke chifukwa cha mfundo zimenezi idzakhala yatiuza yokha kumene phindu lake limachokera.