Osula mipeni ku Kafue, lekani kubisana nzeru

Sipuling'i ya minibasi mwakwerayi ikathyoka, siitayidwa kudzala. Osula amaigula n'kupangira mipeni yopalira nsomba ndi yochekera nyama pamsika. Koma manje taonani: mnyamata aviika chitsulo chofiira m'madzi, chang'aluka. Mdala wa pafupi adziwa bwino kuti chifuna oilo, koma ali zii, ati ni chinsinsi chake. Chinsinsi cha chani, pamene azimai a nsomba ayamba kugula mipeni ya ku China?

Kafue ni tauni ya zitsulo. Fakitale ya Universal Mining ilipo, amisiri opuma ku Nitrogen Chemicals akali m'makomboni. Kumanani pa Chiweru masana ku Zambia Compound, aliyense ndi nyundo yake ndi kathumba ka makala. Komiti ndi wapampando siyani. Madala aonetse anyamata mtundu umene chitsulo chimafika chisanalowe mu oilo.