Tsamba Lachikasu Silitchula Lokha Dzina la Nthenda

Mlimi akafika ndi tsamba lachikasu la lalanje kapena nachesi, alangizi ambiri sachedwa kuyankha kuti mtengo wasowa chakudya, authire feteleza. Yankho lotere limakometsa nkhope ya mlangizi, koma kawirikawiri limamwazitsa ndalama za mlimi pa mtengo umene sudzachira. Maganizo anga ndi akuti mlangizi asatchule mankhwala asanadziwe nthenda, ngakhale mlimi atabwerera wopanda yankho tsiku limenelo.

Mbiri ya nthenda ya greening ikutiphunzitsa zimenezi. Alimi a ku South Africa anayamba kuidandaula kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo kwa zaka zoposa 30 akatswiri ambiri ankaganiza kuti vuto lili m'nthaka. Mu 1965 McClean ndi Oberholzer anasonyeza kuti nthendayi imafala pomezanitsa mitengo, ndiponso kudzera mwa kachilombo koyamwa masamba kotchedwa Trioza erytreae. Mu 1970 Laflèche ndi Bové a ku France anaona kachilombo koyambitsa nthendayi m'mitsempha yoyendamo chakudya cha mtengo, ndipo pambuyo pake kanadziwika kuti ndi bakiteriya. Ngati akatswiri okhala ndi zipangizo anasokera zaka zonsezo, nanga mlangizi woweruza tsamba limodzi ali panjinga?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tengani tsambalo, muyerekeze mbali ziwiri za mtsempha wapakati. Mtengo ukasowa mchere wa zinki, chikasu chimafanana uku ndi uku. Pa greening mawanga amabalalika mosalingana, ndipo nthawi zambiri nthambi imodzi ndiyo imayamba kudwala zinzake zili zobiriwira. Kenaka dulani chipatso: chimakhala chaching'ono, chopendekeka, chowawa, kunsi kwake kosapsa, ndipo njere zake n'zakuda ndi zofota. Timatuza pa masamba timangosonyeza kuti Trioza anakhalapo, si umboni wa nthenda. Chovuta n'chakuti mtengo wa greening umaonetsanso zizindikiro za kusowa zinki, choncho maso okha sakwanira. Potsimikiza pamafunika kutumiza masamba kumalo a kafukufuku kumene amapima ndi njira ya PCR.

Ena adzati malo opimira ali kutali, zotsatira zimachedwa, ndipo mlimi sangadikire. N'zoona. Komabe greening ilibe mankhwala ochiza, ndipo mtengo wodwala umene tikuusunga ndi feteleza ndiwo nkhokwe yopatsira munda wonse. Choipa koposa, mwini nazale akadula maso omezanitsa pa mtengo wotere, mbande zake zimakwera basi n'kudutsa pa Mwanza, pa Mchinji kapena pa Forbes popanda wozifunsa.

Pali chinanso chotikakamiza kusamala. Mtundu wa greening wa ku Africa kuno sukonda kutentha, n'chifukwa chake umavuta kwambiri kumapiri kozizira, kuzigwa zotentha n'kumachepa. Mtundu wa ku Asia umapirira kutentha. Unapezeka ku Ethiopia mu 2010, ndipo kachilombo koufalitsa, Diaphorina citri, pofika 2016 kanali kataoneka ku Tanzania ndi ku Kenya. Motero mlangizi wa kuchigwa cha Shire, cha Zambezi kapena cha Luangwa akaona mawanga osalingana aja pamalo otentha, alembe tsiku, mudzi ndi kumene mbande zinachokera, atumize masamba, ndipo adziwitse anzake a tsidya lina la malire sabata yomweyo.