Taekwondo isamabise amene anaiphunzitsa

Mukafunsa aphunzitsi ambiri a taekwondo kuti masewerawa anachokera kuti, amakuyankhani mwamphamvu kuti ali ndi zaka 2,000, ndipo anayamba ndi Hwarang, anyamata a ufumu wakale wa Silla ku Korea. Nkhaniyi ndi yokoma m'khutu, koma imabisa aphunzitsi enieni, anthu omwe mayina awo tikuwadziwa.

Tiyeni titsatire sukulu imodzi, Chung Do Kwan. Anaitsegula ndi Lee Won-kuk mu 1944 mumzinda wa Seoul, dziko la Korea likadali m'manja mwa atsamunda a ku Japan, omwe analilamulira kuyambira 1910 mpaka 1945. Luso lake Lee analitenga ku Japan komweko, kwa Gichin Funakoshi, mwini karate ya Shotokan. Funakoshi nayenso anali mlendo ku Tokyo: kwawo kunali ku Okinawa, kumene anaphunzira kwa Anko Itosu. Ro Byung-jik, yemwe anayambitsa Song Moo Kwan, anadutsanso m'manja mwa Funakoshi. Zimene Lee ankaphunzitsa ankazitcha Tang Soo Do, ndipo zilembo za dzinali ndi zomwezo zimene kale ankalembera mawu oti karate-do. Dzina loti taekwondo linabwera mu 1955, ndipo amene analilimbikitsa kwambiri, mkulu wa asilikali Choi Hong-hi, nayenso anaphunzira karate ku Japan.

Chifukwa chimene anthu a ku Korea anabisira zimenezi n'chomveka. Japan inazunza anthu a ku Korea, inawakakamiza kutenga mayina achijapani, inathamangitsa chilankhulo chawo m'sukulu. Dziko longomasuka kumene silikanafuna kunena poyera kuti masewera omwe likunyadira linawaphunzira kwa mdani. Ululu umenewo ndi weniweni ndipo sindikuupeputsa. Koma zaka zoposa 70 zadutsa, ndipo amene akudyetsedwa nthanoyi lero ndi mwana wovala lamba woyera yemwe sanalakwire aliyense.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti nthanoyi imalanda ulemu anthu omwe anagwiradi ntchito. Lee atachoka ku Korea, Chung Do Kwan inatsala m'manja mwa Son Duk-sung, kenako Uhm Woon-kyu. Jhoon Rhee, wotuluka m'sukulu yomweyi, anakatsegula yake ku Washington mu 1962. Anthu amenewa ndi anzawo anatenga karate yodalira nkhonya n'kuisandutsa masewera a mateche othamanga, ozungulira, ofika kumutu. Anamanga likulu la Kukkiwon mu 1972, ndipo mu 2000 taekwondo inayamba kupikisanidwa mokwanira pa Olimpiki ku Sydney. Zonsezi anazichita pa moyo wa munthu mmodzi. Ukanena kuti taekwondo inalipo kale m'masiku a Silla, ukunena kuti anthuwa anangotola chakupsa.

Ena amati nanga taekkyon bwanji? Zoona, taekkyon ndi masewera akale a ku Korea, ndipo Song Deok-gi anawasunga mpaka pomwe anamwalira mu 1987. Bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa chikhalidwe mu 2011. Koma taekkyon ili ndi mzere wake wa aphunzitsi, ndipo mzerewo sudutsa mwa Lee Won-kuk. Kufanana kwa mayina sikupanga ubale.

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Luso limene linabala taekwondo linachoka ku Okinawa, kupita ku Tokyo, kenako ku Seoul, ndipo paliponse linasintha. Palibe chochititsa manyazi pamenepa. Chodabwitsa n'chakuti masewera omwe amaphunzitsa mwana kuweramira mphunzitsi asanaponye theche ndi omwenso amadumpha dzina la Funakoshi pofotokoza mbiri yawo.

Choncho mphunzitsi aliyense wa taekwondo atchule mndandanda wonse wa omwe anamuphunzitsa, mmodzimmodzi, mpaka kukafika ku Okinawa ngati n'kumene ukuthera. Ndipo inu makolo, musanalipire ndalama za lamba wakuda, mufunseni mphunzitsiyo kuti iye anaphunzitsidwa ndi yani, komanso ameneyo anaphunzitsidwa ndi yani. Akayamba za Hwarang, mufunseninso.