Kalabala ka pampu kasamadye mpamba wa ogula nsomba ku Chilwa

Matemba, makumba ndi milamba yambiri imene imagulitsidwa pamsika wa Migowi imachokera ku Nyanja ya Chilwa. Injini ya boti ikazima lisanafike pagombe la Swang'oma, woyamba kulira amakhala mayi amene wakweza nsomba zaziwisi, chifukwa dzuwa la kunyanja silidikira makaniko.

Kawirikawiri vuto limayambira pa kanthu kakang'ono, kalabala kamapikomapiko kamene amakaniko amati impela. Kamakhala m'pampu ya madzi pamwamba pa giyabokosi, ndipo kakamazungulira kamakankhira madzi a m'nyanja kumtunda kuti akaziziritse injini. Injini zopachika kumbuyo kwa boti, monga Yamaha Enduro, zilibe ladiyeta ngati galimoto. Kalabalaka kakatha, injini imatentha mpaka kuwotcha gasiketi kapena kugwira mapistoni.

Chilwa sakomera mtima pampu. Ndi nyanja yosaya, yamatope komanso yamchere, ndipo inaphwapo mu 1995 ndi mu 2018. Madzi akamatsika, injini imayamwa mchenga umene umapala labala ndi kachitsulo ka pansi pake. Udzu ndi majumbo nazonso zimatseka timabowo tolowera madzi.

Mwayi wake, injini imachenjeza. Ikamalira bwino imalavula kamzere ka madzi kumbuyo. Madziwo akachepa, akatentha kwambiri kapena akasiyiratu, woyendetsa azimitse pomwepo. Atukule injini, achotse zinyalala pa timabowo, ndipo apise twaini wolimba pamene madzi amatulukira. Zikakanikabe, ndiye ntchito ya makaniko: kutsitsa giyabokosi, kuika impela yatsopano ndi magasiketi ake, kuona ngati kachitsulo kaja sikanadyeke, ndi kufufuza zidutswa za labala zimene zingatsalire m'njira ya madzi. Chizolowezi cholizira injini pamtunda poiyesa chitheretu, chifukwa popanda madzi labala amapsa mphindi imodzi isanakwane.

Eni maboti amadandaula kuti zipangizo zadula ndipo kuzipeza n'kupita ku Limbe. Zimenezo n'zoona. Koma mtengo wa impela sungafanane ndi wa kumasula injini yonse, osawerengera masiku amene boti limakhala pagombe osalowetsa ndalama. Kusintha kalabalaka kamodzi pachaka, ngakhale kakuoneka kabwino, ndi kusunga kena m'boti, ndiko kuteteza bizinesi. M'madzi amatope ngati a Chilwa, kukayang'ana pafupipafupi n'kofunika kwambiri.

Apa palinso msika umene ogulitsa zipangizo za njinga zamoto ku Migowi akuusiya. Impela ndi katundu wopepuka, sadya malo pashelefu. Chofunika n'kuyendera magombe, kulemba mitundu ndi manambala a injini zimene zilipo, kenaka n'kuoda zogwirizana nazo, chifukwa ya injini ya mahosipawa 15 silowa pa ya 40. Akomiti za m'magombe nawo angathandize pouza eni maboti kumene zikupezeka.

Ogula nsomba nawo ali ndi mbali yawo. Safunsa adadya phula. Asanakweze madengu, aime kumbuyo kwa boti injini ikalira, aone ngati madzi akutuluka mwamphamvu, ndipo afunse ngati m'botimo muli impela yapadera. Yankho likakhala lozemba, kudikira boti lina n'kotchipa kusiyana ndi kufika ku Migowi ndi nsomba zonunkha.