Sitima yongozungulira ni chidole chabe

Anzanga a mu Woodlands amene mupanga njanji za tusitima pa thebulo, lekani kudzinamiza. Muyala njanji imodzi yozungulira, mujambula ka vidiyo ka TikTok, basi. Pakapita mphindi 10 mwatopa nayo, naona na maso anga.

Yozungulirayo ikhale, koma ikani yadi. Tunjanji tutatu tosungirapo mabogi, na kena kokokerapo, kokwana injini na mabogi ake, kuti poshanta musatseke njanji yaikulu. Apo ndiye mutu ugwira nchito: bogi ya chimanga yatsekeredwa kumbuyo, muitulutsa bwanji?

Mukuti malo ni ochepa? Chotsani mapiri a pulasitiki aja. Lusaka yeniyeniyo inayamba mu 1905 ngati popatukira sitima. Nanga mapiri munawaona kuti pa Kamwala?