NJUGA YA MPIRA ILIBE NTHAWI YABWINO

Pali bodza limene lafala pakati pa anyamata a ku Kitwe ndi ku Ndola, ndipo tsopano lafika m'midzi kudzera pa lamya za m'manja. Bodzalo likuti munthu wodziwa nthawi yoyenera kubecha sangaluze. Liyenera kutsutsidwa poyera, pakuti likudya ndalama za feteleza ndi za sukulu.

Pamene Nkana ya ku Wusakile iyembekezera kukumana ndi Power Dynamos, obecha agawika pawiri. Ena aponya ndalama kukali masiku, akuti phindu lolonjezedwa likali lalikuru. Koma iwowa aponya mumdima, cifukwa sadziwa amene adzavulala kapena kusiyidwa panja. Ena ayembekezera kufikira maina a osewera atalengezedwa. Koma pa nthawiyo nkhaniyo yamveka kale kwa onse, ndipo kampani yatsitsa kale malipiro a timu yamphamvu. Wofulumira alipira umbuli wace, wocedwa agula nkhani yakutha.

Akatswiri a masamu anafufuza za mipikisano yotere kalekale. M'caka ca 1944 John von Neumann ndi Oskar Morgenstern anasindikiza buku lofotokoza masewera m'mene phindu la wina liri kutayikidwa kwa mnzace. M'masewera otere amene aona mayendedwe a mnzace iye asanasunthe kawirikawiri ali ndi mwai woposa. Kampani iona kubecha konse kumene kulowa, nisintha malipiro mphindi iriyonse. Mnyamata wa ku Chamboli kapena ku Chifubu aona lamya yace yokha.

Masamu ace ngosabvuta. Anthu 100 aponye K10 aliyense pa timu imodzi, ndi ena 100 pa timu inzace, malipiro ali 1.90 mbali zonse. Kampani ilandira K2,000, nibwezera opambana K1,900. Itsala ndi K100, ngakhale apambane ndani, ngakhale anthuwo anabecha Lolemba kapena mpira uli pafupi kuyamba. Palibe koloko imene ingacotse gawo limeneli.

M'caka ca 2025 Boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa ndalama zobechera. Koma msonkho subweza cimanga m'nkhokwe ya munthu amene wagulitsa matumba ace kuti athamangitse zimene analuza dzulo.

Cotero makolo, mafumu ndi atsogoleri a m'midzi ali ndi udindo. Mwana wa ku migodi akapempha ndalama pa lamya, afunsidwe bwino nchito yace. Wacinyamata wodzitama kuti adziwa nthawi, auzidwe kulemba zonse zimene waponya ndi zimene walandira kwa miyezi itatu, ndipo aziwerenge pamaso pa akuru.

Nthawi imene ibala phindu mlimi aidziwa kale: kubzala ndi mvula yoyamba, kupalira msanga ndi kukolola pa nyengo yace. Wakutsina khutu ndi mnansi.