ZA M'MAIKO AKUTALI: Mwala wa a Fraser ku Culloden

Kucokera m'caka ca 2014, pamene sewero la pa wailesi ya kanema lochedwa Outlander linayamba kuonetsedwa, alendo ambiri akhala akukhamukira ku dziko la Scotland kukaona malo amene anajambulirako seweroli. Amapita ku linga lakale la Doune, limene m'seweromo lichedwa Castle Leoch, ndiponso ku mudzi wa Culross wa nyumba zamakedzana.

Ambiri salekera pomwepo. Amapitirira mpaka ku dambo la Culloden, pafupi ndi mzinda wa Inverness. Kumeneko, pa 16 April 1746, asilikali a boma la Britain anagonjetsa ankhondo a Charles Edward Stuart. Nkhondoyo inatha ola lisanakwane, koma amuna ngati 1,500 a mbali ya Charles anaphedwa. Pambuyo pake boma linaletsa amuna a kumapiri kubvala zobvala za makolo ao.

M'caka ca 1881 pamanda a anthuwo panaikidwa miyala yolembedwa maina a mafuko ao. Popeza ngwazi ya m'seweroli, Jamie Fraser, ndi wa fuko la Fraser, alendo anayamba kuunjikana pa mwala wa fukolo, kusiyapo maluwa ndi kujambulitsa, kotero kuti udzu unatha ndi kupondedwa, ndipo osunga malowo anacita kukonzanso.

Jamie ndi munthu wongopeka. Koma amene agona m'dambomo anali ana a anthu, ndipo analiridwa. Mlendo akafika pamanda a eni, ayenera kutsitsa mau ndi kuyang'ana poponda.